Mafunso ndi mayankho okhudza kusunga ndi kugawana mafayilo a kuntchito pa cloud

Mafunso ali pansiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu ogwira ntchito m'maofesi ang'onoang'ono, m'masukulu, m'mipingo, m'mabungwe omwe si aboma ndi m'mabizinesi a pabanja, makamaka pamene kompyuta yaofesi yabedwa kapena yafa ndipo anthu ayamba kufunsana kuti malipoti a chaka chatha ali kuti. Mayankho alembedwa poganizira mmene zinthu zilili kuno kwathu, kumene intaneti ndi yodula, magetsi amathimathima, ndipo ndalama zakunja zolipirira ntchito zimenezi sizipezeka mophweka.

Kodi fayilo imene ndaika pa cloud imakhala kuti kwenikweni?

Imakhala pa makompyuta a kampani imene mwatsegula nayo akaunti, m'nyumba zikuluzikulu zosungira makompyuta zimene zili ndi magetsi akeake, makina oziziritsa ndi alonda. Kampaniyo imasunga fayilo yanu pa makina angapo, kotero kuti imodzi ikawonongeka ina imapitiriza ntchito inu osadziwa n'komwe kuti china chake chachitika. Makampani odziwika kwambiri pantchitoyi ndi a ku America. Dropbox inakhazikitsidwa mu 2007 ndi Drew Houston ndi Arash Ferdowsi, Apple inayambitsa iCloud mu 2011, Google Drive inayamba mu Epulo 2012, ndipo Microsoft ili ndi OneDrive, imene poyamba inkatchedwa SkyDrive mpaka mu 2014.

M'zaka zapitazi makampaniwa ayandikira kuchigawo chathu. Microsoft inatsegula malo ake osungira makompyuta ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon inatsegula ake ku Cape Town mu 2020, ndipo Google inatsegula ake ku Johannesburg mu 2024. Komabe munthu amene ali ndi akaunti yaulere sasankha dziko limene mafayilo ake asungidwe, ndipo ndi bwino kungodziwa kuti zikalata zanu zili kunja kwa dziko, m'manja mwa kampani imene imatsatira malamulo a kwawo.

Kodi malo aulere ndi aakulu bwanji, nanga angakwanire ofesi?

Google imapereka 15 GB, Microsoft imapereka 5 GB pa OneDrive, Apple imapereka 5 GB pa iCloud, ndipo Dropbox imapereka 2 GB. Chofunika kudziwa n'chakuti 15 GB ya Google si ya Drive yokha ayi, imagawidwa pakati pa Gmail, Drive ndi Google Photos. Kuyambira pa 1 Juni 2021 zithunzi zatsopano zimene mumaika pa Google Photos zimadya nawo malo amenewa, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa 2024 kope la mauthenga a WhatsApp la pa foni ya Android nalonso limawerengedwa pomwepo. N'chifukwa chake anthu ambiri amadabwa kuona uthenga wakuti malo atha pamene iwo sanaikepo chikalata chilichonse cha kuntchito: makanema a m'magulu a WhatsApp ndi amene adzaza.

Kwa ofesi imene ntchito yake ndi makalata, maspredishiti ndi malipoti, 15 GB ndi malo aakulu ndithu, pakuti chikalata cholembedwa sichidya malo ambiri. Ofesi imene imajambula zithunzi ndi makanema a ntchito zakumudzi, kapena imene imasikana mafayilo akale a m'makabati, idzawamaliza m'miyezi yochepa.

Kompyuta yanga imalumikizana yokha ndi cloud. Kodi ndiye kuti mafayilo anga ndi otetezeka basi?

Ayi, ndipo funso limeneli ndi limene ndikufuna kuti muwerenge mofatsa kuposa ena onse, chifukwa anthu ambiri ataya ntchito yawo pokhulupirira kuti kulumikizana kumeneku n'kokwanira. Pulogalamu ya Drive, OneDrive kapena Dropbox imene ili pa kompyuta yanu inapangidwa kuti foda ya pa kompyuta ndi foda ya pa cloud zizikhala zofanana nthawi zonse. Ili ngati galasi lodziyang'anira: chimene chachitika kutsogolo kwake, chabwino kapena choipa, chimaoneka mkati mwake nthawi yomweyo. Mukafufuta foda mwangozi pa kompyuta, imafufutikanso pa cloud ndi pa makompyuta a anzanu onse amene mumagawana nawo fodayo. Mukalemba zolakwika pamwamba pa spredishiti ya malipiro n'kusunga, zolakwikazo ndi zimene zimapita. Kompyuta ikagwidwa ndi vairasi ya mtundu wa ransomware, imene imatseka mafayilo kuti eni ake alipire ndalama asanawatsegulirenso, mafayilo otsekedwawo amakwera pa cloud n'kulowa m'malo mwa abwino aja.

Vuto la ransomware si nkhani ya maiko akutali okha. Mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry inaimitsa ntchito m'zipatala zambiri za ku Britain, ndipo kuno kwathu mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti analowedwa ndi akuba a pa intaneti amene ankafuna dipo, zomwe zinachititsa kuti ntchito yopereka mapasipoti iime kwa masabata angapo. Ngati nthambi ya boma ingagwe m'vuto lotere, ofesi ya anthu asanu imene kompyuta yake imalandira maflashi a aliyense wobwera kudzasindikiza kalata siyenera kudziona ngati yotetezeka.

Chimene chimakupulumutsani pa cloud ndi zinthu ziwiri, ndipo zonse zili ndi malire a nthawi. Choyamba ndi bini: fayilo yofufutidwa pa Google Drive imakhala mu bini masiku 30 kenako imachotsedweratu, pa OneDrive ya munthu payekha ndi masiku 30, pamene pa OneDrive ya kuntchito ndi masiku 93. Chachiwiri ndi mbiri ya fayilo, imene imakulolani kubwerera ku mmene fayilo inalili dzulo kapena sabata yatha. Pa Dropbox yaulere mbiriyi imasungidwa masiku 30. Izi zikutanthauza kuti ngati foda ya malipoti a chaka chatha inafufutidwa mu Januwale, inu n'kuzindikira mu Juni pamene owerengera ndalama abwera kudzaona mabuku, palibe chimene kampaniyo ingakuchitireni. Mafayilo amene amatayika kwambiri ndi amene anthu satsegula kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri amenewa ndi ofunika kwambiri, monga mapangano, zikalata za malo ndi umboni wa mmene ndalama zinagwiritsidwira ntchito.

Nanga ndichite chiyani kuti ndikhale ndi kope lenileni lodalirika?

Akatswiri amagwiritsa ntchito lamulo limene amalitcha 3-2-1. Fayilo iliyonse yofunika ikhale ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri yosiyana, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi malo amene mumagwirira ntchito. Ku ofesi yaing'ono lamuloli limatheka motere: kope loyamba ndi la pa kompyuta, lachiwiri ndi la pa cloud, ndipo lachitatu ndi la pa hadi disiki yakunja imene mumailumikiza kamodzi pa sabata kapena pa mwezi, kukopera mafoda onse, kuichotsa, n'kukaisunga kunyumba kwa mkulu wa ofesi kapena m'sefa. Kuichotsa kumeneku n'kofunika, chifukwa hadi disiki imene imakhala yolumikizidwa nthawi zonse imagwidwa ndi vairasi limodzi ndi kompyuta, ndipo mbala ikathyola ofesi imanyamula zonse pamodzi.

Ubwino wa kope la kutali unaoneka bwino pa nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene madzi ndi matope zinawononga nyumba, masukulu ndi maofesi m'maboma a Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe ndi ena. Pa ngozi yotere kompyuta, flashi ndi mafayilo a pepala zimene zili m'chipinda chimodzi zimawonongekera pamodzi, ndipo chimene chimatsala ndi chokhacho chimene chinali kwina. Koma nawonso makampani a cloud amagweredwa ndi ngozi. Pa 10 Malichi 2021 moto unawononga nyumba yosungira makompyuta ya kampani ya OVH ku Strasbourg m'dziko la France, ndipo makasitomala ena amene analibe kope kwina anataya zinthu zawo mpaka kalekale. Choncho cloud ikhale limodzi mwa makope anu, isakhale kope lokhalo.

Pali chinthu china chimene maofesi ambiri amachinyalanyaza, chomwe ndi kuyesa. Kamodzi pa miyezi itatu munthu wina atenge hadi disiki ija, atsegule mafayilo angapo akale, aone ngati akutseguka. Hadi disiki imatha kufa ili m'kabati, ndipo tsiku la ngozi si tsiku loyenera kudziwira zimenezi.

Kodi mafayilo a ofesi tiwasunge pa akaunti ya ndani?

M'mabungwe ambiri ang'onoang'ono zimachitika motere: mlembi kapena wachinyamata wodziwa za makompyuta amatsegula foda pa Gmail yake, n'kugawira anzake onse, ndipo kwa zaka zitatu ntchito imayenda bwino. Kenako munthuyo amapeza ntchito kwina, kapena amachotsedwa ntchito mosagwirizana, ndipo bungwe limazindikira kuti zikalata zake zonse ndi katundu wa munthu amene salinso wantchito wake. Pa Google Drive fayilo iliyonse ili ndi mwini wake, amene nthawi zambiri ndi munthu amene anailemba kapena kuikweza, ngakhale itakhala mu foda ya munthu wina. Mwiniyo akaifufutiratu, imasowa kwa aliyense. Akasintha pasiwedi n'kusiya kuyankha foni, bungwe lilibe njira yolamulira Google kuti iwabwezere mafayilowo.

Njira yoyenera ndi yakuti bungwe likhale ndi akaunti ya kuntchito, monga Google Workspace kapena Microsoft 365, mmene mafayilo amasungidwa m'malo a gulu lonse. Pa Google malowa amatchedwa Shared drives, pa Microsoft ndi SharePoint ndi Teams. Mafayilo oikidwa mmenemo ndi a bungwe, ndipo munthu akachoka amangochotsedwa pa mndandanda, mafayilo n'kutsala. Woyang'anira akauntiyo angathenso kutseka akaunti ya munthu amene foni yake yabedwa, kusintha pasiwedi yake, ndi kuona amene anatsegula kapena kufufuta fayilo inayake. Zimenezi zimalipiridwa mwezi ndi mwezi pa munthu aliyense, koma makampani onse awiriwa ali ndi ndondomeko zapadera za masukulu ndi mabungwe othandiza anthu, ndipo ndi bwino kufufuza ngati bungwe lanu lingaloledwe musanaganize kuti simungakwanitse.

Ngati ndalama palibe, tsegulani akaunti yaulere m'dzina la bungwe, osati la munthu, ndipo mafoda onse akuluakulu apangidwe kuchokera mu akaunti imeneyo. Nambala ya foni yobwezera akaunti ikhale ya ofesi, ndipo anthu awiri audindo, mwachitsanzo wapampando ndi msungichuma, adziwe kalowedwe kake. Imeneyi si njira yangwiro, chifukwa mafayilo amene antchito akweza kuchokera mu akaunti zawo amakhalabe awo, choncho pamafunika kuti nthawi ndi nthawi umwini wa mafayilo ofunika usamutsidwire ku akaunti ya bungwe. Komabe ikuposa kutali kusiya mbiri yonse ya bungwe m'thumba la munthu mmodzi, ngakhale munthuyo atakhala wokhulupirika chotani.

Pogawana fayilo, kodi nditumize linki yotseguka kwa aliyense kapena ndilembe maimelo a anthu?

Lembani maimelo a anthu, pokhapokha ngati fayiloyo ndi yoti mungaikhome pa bolodi la zidziwitso popanda vuto. Linki yotseguka kwa aliyense imagwira ntchito kwa munthu aliyense amene yamufika, ndipo linki imayenda mofulumira: mwaitumiza kwa munthu mmodzi, iye waiponya m'gulu la WhatsApp la anthu 200, ndipo inu simungadziwe amene watsegula. Ndandanda ya malipiro, mayina a odwala, zotsatira za mayeso a ana, makope a ziphaso za unzika, zonsezi siziyenera kuyenda pa linki yotseguka.

Posankha chilolezo, Google Drive imapereka magawo atatu. Viewer amangoona, Commenter amaona ndi kulemba ndemanga pambali, Editor amasintha, ndipo ngati simunaletse angathenso kugawira anthu ena. Perekani chilolezo chochepa chimene chikukwanira ntchito ya munthuyo. Mkulu amene akungofuna kuvomereza lipoti safunika mphamvu yosintha, ndipo kumupatsa chilolezo cha ndemanga chokha si kumupeputsa, koma kumuteteza kuti asafufute ndime mwangozi pamene akuwerenga pa foni. Kumbukiraninso kuti chilolezo chimene mwapereka pa foda chimatsikira ku mafayilo onse a mkati mwake, kuphatikizapo amene mudzaikemo chaka chamawa mutaiwala kuti mlendo amene anabwera kudzathandiza pa ntchito imodzi akadali pa mndandanda.

Ife timatumizirana mafayilo pa WhatsApp ndipo zimayenda. Chifukwa chiyani tisinthe?

Potumiza chinthu mwamsanga WhatsApp ndi yabwino, ndipo imanyamula fayilo yaikulu mpaka 2 GB pamene Gmail imalekezera pa 25 MB. Vuto ndi lakuti nthawi iliyonse fayilo ikatumizidwa pamabadwa kope latsopano. Anthu asanu akakonza lipoti limodzi aliyense pa kope lake, pamapeto pake pamakhala malipoti asanu, ndipo wina amayenera kukhala usiku wonse akuwaphatikiza, kapena, zomwe zimachitika kawirikawiri, kope lolakwika ndi limene limapita kwa opereka thandizo. Ndiponso mafayilo a pa WhatsApp amakhala m'mafoni a anthu, choncho foni ikatayika kapena munthu akachoka m'gulu, ofesi ilibe poyambira kuwafufuza. Gwiritsani ntchito WhatsApp podziwitsana kuti lipoti lakonzeka, koma lipotilo likhale malo amodzi.

Kodi anthu angapo angalembedi chikalata chimodzi nthawi imodzi osasokonezana?

Angathe, ngati chikalatacho chatsegulidwa mu Google Docs, Google Sheets kapena Word ndi Excel za Microsoft 365 zosungidwa pa OneDrive kapena SharePoint. Aliyense amaona pamene mnzake akulemba, ndipo mbiri ya chikalata imasonyeza amene anasintha chiyani ndi nthawi yake, zomwe zimathetsa mikangano yambiri yolozana zala. Chisokonezo chimabwera pamene anthu awiri atsegula fayilo imodzi pa makompyuta awo intaneti palibe, aliyense n'kusintha zake. Intaneti ikabwera pulogalamu imalephera kudziwa kope loyenera, ndipo imasunga onse awiri, lina ikulipatsa dzina losonyeza kuti pali kusagwirizana. Mukaona fayilo yotere musaifufute musanaiyerekeze ndi inzake.

Luso la makinawa silingalowe m'malo mwa mgwirizano wa anthu. Ofesi igwirizane za kasanjidwe ka mafoda, kaya ndi potengera nthambi, ntchito kapena chaka, ndipo munthu mmodzi akhale ndi udindo woona kuti zikutsatidwa. Mayina a mafayilo ayambe ndi chaka, mwezi ndi tsiku, monga 2025-03-14, chifukwa akatero amadzisanja okha motsatira nthawi. Mayina onena kuti lomaliza, lomaliza lenileni, lomaliza lokonzedwa, amasonyeza kuti anthu akupanga makope m'malo mogwiritsa ntchito mbiri ya chikalata, ndipo mapeto ake palibe amene amadziwa kuti lomaliza ndi liti.

Intaneti ndi yodula ndipo magetsi amathimathima. Kodi cloud ingatithandizedi kuno?

Ingathandize, koma pamafunika kuikonza mogwirizana ndi mmene zinthu zilili. Chimene chimadya data yambiri ndi kukweza koyamba. Ngati muli ndi mafayilo a 10 GB ndipo intaneti yanu imakweza pa liwiro la 1 Mbps, ntchitoyo itenga pafupifupi maola 22 osalekeza. Choncho musakweze chilichonse chimene chili pa kompyuta. Sankhani zikalata zofunika, siyani nyimbo ndi makanema, ndipo chitani ntchito yoyambayi pamalo pamene pali Wi-Fi yosawerengera data kapena usiku pamene mabandulo amakhala otsika mtengo. Zikatha izi, zimene zimakwera tsiku ndi tsiku ndi mafayilo osinthidwa okha, ndipo ngati ndi zolemba data yake ndi yochepa.

Pa foni, lamulani pulogalamu kuti izikweza zithunzi pokhapokha pali Wi-Fi, apo ayi bandulo ya Airtel kapena TNM imene mwagula m'mawa idzatha masana inu osadziwa chimene chaidya. Pa kompyuta, uzani Windows kuti intaneti imene mukugwiritsa ntchito ndi yowerengera data, ndipo OneDrive idzayamba yaima kaye. Mapulogalamuwa amalolanso kusankha mafoda amene akhale pa kompyuta nthawi zonse ndi amene azingotsika mukawafuna. Kuno kwathu mafoda a ntchito ya tsiku ndi tsiku ayenera kukhala pa kompyuta, kuti netiweki ikagwa ntchito isaime. Google Docs nayonso ingagwire ntchito popanda intaneti pa Chrome, koma muyenera kuyatsa zimenezi pasadakhale intaneti ilipo.

Za magetsi, tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka. Kuthima kwadzidzidzi ndi kubwera kwa magetsi amphamvu kumawononga mahadi disiki a makompyuta a pa desiki, ndipo ichi ndi chifukwa china chokhalira ndi kope kwina. Chizolowezi chothandiza n'chakuti musanatseke kompyuta madzulo muyang'ane kachizindikiro ka pulogalamu kosonyeza kuti zonse zakwera. Anthu ena amapeza kuti pulogalamu inaima miyezi iwiri yapitayo chifukwa malo anatha kapena pasiwedi inasinthidwa, iwo akuganiza kuti zonse zili bwino.

Kodi akuba a pa intaneti sangalowe mu akaunti yathu?

Angalowe, ndipo nthawi zambiri salowa pothyola makina a kampani, amalowa ndi pasiwedi yanu yomwe. Njira yofala ndi imelo yooneka ngati yachokera kwa mnzanu kapena kwa opereka thandizo, yonena kuti wakugawirani chikalata, ndipo mukadina linki mumafika pa tsamba lofanana ndi la Google kapena Microsoft lopempha pasiwedi. Njira ina ndi pasiwedi yogwiritsidwa ntchito malo ambiri. Mu 2012 Dropbox inabedwa zinsinsi za makasitomala, ndipo mu 2016 zinadziwika kuti maakaunti okhudzidwa anali oposa 68 miliyoni. Munthu amene ankagwiritsa ntchito pasiwedi yomweyo pa imelo yake anali pa ngozi kawiri.

Chitetezo chachikulu chimene mungadziikire lero lomwe, popanda kulipira, ndi kutsimikizira kawiri, kumene pambuyo pa pasiwedi akaunti imafunanso nambala yapadera kapena chivomerezo cha pa foni yanu. Nambala yobwera pa SMS ikuposa kukhala opanda kanthu, koma ili ndi zofooka ziwiri: achinyengo amatha kusinthitsa SIM khadi ya munthu, ndipo mukapita kunja kapena kumalo kopanda netiweki uthengawo sufika. Pulogalamu monga Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator imapanga manambala pa foni pomwepo ngakhale popanda netiweki. Mukayatsa kutsimikizira kawiri, sindikizani manambala osungira amene Google imapereka, omwe amakhala 10, muwaike pamalo okhomedwa, chifukwa foni ikabedwa amenewa ndi amene adzakulowetseni. Ndipo pa kompyuta ya mu intaneti kafe kapena ya mnzanu, tulukani mu akaunti musananyamuke.

Kodi kampani yosunga mafayilo ingawawerenge? Nanga malamulo akuti chiyani?

Makampani akuluakulu amabisa mafayilo ndi njira za encryption pamene akuyenda pa intaneti ndiponso pamene ali pa makina awo, koma pa akaunti wamba makiyi ake amasunga ndi iwo. Choncho makina awo amatha kusanthula mafayilo pofufuza mavairasi ndi zinthu zoletsedwa, ndipo khoti likalamula angathe kuwapereka. Lamulo la ku America la CLOUD Act la 2018 limalola boma la kumeneko kupempha makampani ake zinthu zimene asunga ngakhale kunja kwa dzikolo. Amene ntchito yawo imafuna chinsinsi chachikulu, monga maloya, atolankhani ndi mabungwe othandiza anthu ochitiridwa nkhanza, angagwiritse ntchito Proton Drive ya ku Switzerland, imene kampaniyo siitha kuwerenga mafayilo, kapena pulogalamu ya Cryptomator imene imatseka mafayilo pa kompyuta yanu asanakwere. Dziwani kuti pa njira zimenezi mukataya pasiwedi ndi kiyi yobwezera palibe amene angakutsegulireni.

Ku Malawi kuli lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Zambia inakhazikitsa lamulo lake mu 2021, South Africa ili ndi POPIA, ndipo mabungwe amene amagwira ntchito ndi anzawo a ku Ulaya amakumana ndi lamulo la kumeneko la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018. Mfundo imene malamulo onsewa amagwirizana n'njakuti amene watolera mayina, manambala a foni, zaumoyo kapena za ndalama za anthu ali ndi udindo woziteteza, ndipo udindowo suchoka chifukwa chakuti zinthuzo zasungidwa ndi kampani ina. Malamulowa amaikanso zoyenera kutsata potumiza zinthu zotere kunja kwa dziko, choncho chipatala, sukulu kapena bungwe la ngongole lifunse katswiri wa malamulo lisanakweze kaundula wa anthu ake.

Chimachitika n'chiyani tikalephera kulipira, kapena akaunti ikakhala nthawi yaitali osaigwiritsa ntchito?

Funsoli ndi lofunika kwa ife chifukwa mitengo ya ntchitozi imatsatira dola, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndalama zimene maofesi ankalipira zinakwera nthawi imodzi, pamenenso makhadi a banki sanali kudutsa nthawi zonse chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Mukasiya kulipira mafayilo safufutidwa tsiku lomwelo. Pa akaunti ya Google ya munthu payekha mumabwerera ku 15 GB, ndipo ngati zimene mwasunga zikuposa pamenepo simungakweze chatsopano, komanso Gmail imasiya kutumiza ndi kulandira makalata, zomwe zimapweteka bizinesi kuposa mmene ambiri amaganizira. Mukakhala mopyola malire kwa zaka ziwiri Google ingathe kufufuta zinthu zanu. Kuyambira mu Disembala 2023 Google inayambanso kufufuta maakaunti a anthu amene akhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito, choncho akaunti imene munaitsegula kuti ingosunga mafayilo akale muziilowa nthawi ndi nthawi. Maakaunti a kuntchito ali ndi masiku awoawo olembedwa m'pangano, ndipo woyang'anira ayenera kuwadziwa. Ngati mukuona kuti malipiro avuta, tsitsani zonse pa hadi disiki nthawi isanathe. Google Takeout imathandiza kutsitsa zonse pamodzi.

Wantchito akamachoka, kapena mwini akaunti akamwalira, tichite chiyani?

Wantchito asanachoke, makamaka m'sabata yake yomaliza, akhale pansi ndi woyang'anira, asamutse umwini wa mafayilo onse a ntchito, ndipo atsimikizire pamodzi kuti wolowa m'malo mwake akutha kuwatsegula. Tsiku lochoka achotsedwe pa mafoda onse, mapasiwedi amene ankawadziwa asinthidwe, ndipo nambala yake ya foni ichotsedwe ngati inali yobwezera akaunti ya ofesi. Pa Google Workspace ndi Microsoft 365 musafufute akaunti ya munthu musanasamutse mafayilo ake, pakuti nthawi yobwezera akaunti yofufutidwa ndi yochepa. Izi zichitike kwa aliyense mofanana, kaya wachoka mwamtendere kaya ayi, kuti pasakhale wodzimva kuti akumukayikira.

Nkhani ya imfa ndi yovuta kuikamba, koma mabizinesi ambiri a pabanja amayendera pa akaunti ya munthu mmodzi, mmene muli mabuku a ngongole, mapangano ndi makope a zikalata za malo. Google ili ndi Inactive Account Manager, imene imalola mwini akaunti kusankhiratu anthu odzalandira mafayilo ake akaunti ikadzakhala miyezi imene iye wasankha osagwiritsidwa ntchito, ndipo Apple ili ndi Legacy Contact kuyambira mu 2021. Zonsezi ziyenera kukonzedwa ndi mwini wake akadali moyo. Popanda zimenezi achibale amayenera kulembera kampaniyo, kutumiza chikalata cha imfa ndipo nthawi zina chilolezo cha khoti, ndipo ngakhale atatero kampaniyo silonjeza kuti iwapatsa mafayilowo.